Momwe mungapezere nkhani za kafukufuku m'nkhokwe za pa intaneti za laibulale ya pakoleji

Chaka changa chomaliza ku koleji, asupavaiza anandibwezera pepala langa atalemba ndi cholembera chofiira kuti, "Izi mwazitenga kuti?" Tsamba lomaliza ndinali nditalidzaza ndi zotolatola za pa Google. Nkhani yeniyeni imene ndinkaifuna, ya chuku cha mtedza, ndinaiona ndithu, koma nditadina panatuluka mtengo wa madola oposa 30, ine n'kuthawa. M'mawa mwake mayi wina wa mu laibulale anaitsegula nkhani yomweyo pa kompyuta yawo osalipira ngakhale tambala. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Achimwene, zaka zinayi zonsezi munali kuti?"

Nazi zimene anandiphunzitsa, ndi zina zimene ndinadzazitulukira ndekha.

Yambani ndi kupita kukafunsa

Musanagule bandulo, pitani pa desiki ya laibulale ndi chiphaso chanu cha sukulu. Mukafunse zinthu ziwiri: ndi nkhokwe ziti zimene koleji yanu ili nazo, ndipo mumalowamo bwanji. Malaibulale ambiri a m'Malawi amalembetsa nkhokwezi mogwirizana kudzera mu bungwe lawo la MALICO, choncho ndalama zinapita kale. Nkhokwe zina zimakuzindikirani zokha mukakhala pa wayifayi ya pasukulu. Zina zimafuna dzina ndi pasiwedi. Ngati mumagona kunja kwa kampasi, funsaninso ngati pali njira yolowera muli kunyumba. Makoleji ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati MyLOFT, amene amaikidwa pa foni.

Pasiwedi mwapatsidwayo si yoponya pa gulu la WhatsApp la anzanu a kumudzi. Eni nkhokwe akaona kuti ikuyendayenda, kapena kuti wina akutsitsa magazini yathunthu nthawi imodzi, amatha kutsekera koleji yonse.

Sankhani nkhokwe yoyenera phunziro lanu

Munthu safuna mapira mu nkhokwe ya chimanga. Malawi ali m'gulu la mayiko amene sukulu zawo zimaloledwa kulowa mwaulere mu nkhokwe yaikulu yotchedwa Research4Life, ndipo m'menemo muli zigawo zisanu. Hinari, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, ndi ya zaumoyo. AGORA, ya bungwe la FAO, inabwera mu 2003 ndipo ndi ya zaulimi, yomwe wophunzira wa ku Bunda sayenera kuiphonya. OARE ndi ya zachilengedwe, ARDI ya zaluso ndi sayansi, GOALI ya zamalamulo.

A mbiri yakale, zilankhulo ndi chikhalidwe, kwanu ndi ku JSTOR. Muli ngakhale Society of Malawi Journal, kuyambira nthawi imene inkatchedwa Nyasaland Journal. Kungoti magazini ambiri a mu JSTOR amatsalira zaka zingapo m'mbuyo, ndiye zotuluka chaka chino musakazifune kumeneko. Anamwino ndi madokotala ali ndi PubMed, yomwe kufufuzamo n'kwaulere. Ndipo aliyense wolemba za kuno kwathu asadumphe AJOL, nkhokwe ya magazini a kafukufuku a mu Africa, momwe muli Malawi Medical Journal.

Konzani mawu musanakhudze kompyuta

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri timagwera. Tinazolowera kufunsa Google ngati tikufunsa munthu, chiganizo chathunthu. Nkhokwe simva chiganizo. Imangoyang'ana mawu amene mwalemba.

Tengani kope. Lembani funso lanu m'Chichewa momwe, kuti mutsimikize kuti inu eni mukulimva. Langa linali lakuti: kodi kaumitsidwe ka mtedza kamathandizira bwanji kuti ugwidwe chuku m'Malawi? Kenako dulani mzere pansi pa mawu onyamula funsolo: mtedza, chuku, kuumitsa, Malawi. Ena onsewo ndi madeya.

Tsopano liwu lililonse lipezereni abale ake m'Chingerezi, poti nkhani zambiri zili m'chilankhulo chimenecho. Mtedza ife tinaphunzira kuti ndi groundnut, koma Amereka amati peanut, ndipo asayansi amalemba Arachis hypogaea. Mukalemba groundnut yekha, mwataya mulu wonse wa nkhani popanda kudziwa. Chimanga n'chimodzimodzi: maize kuno, corn uko. Poizoni wa mu chuku ndi aflatoxin, ndipo chuku chomupanga ndi Aspergillus flavus. Wofufuza za nthawi ya atsamunda alembenso Nyasaland, chifukwa zolembedwa chisanafike chaka cha 1964 sizitchula dziko la Malawi.

Mukatero tsegulani pamene palembedwa Advanced Search. Mupeza timabokosi tondondozana. M'kabokosi koyamba lembani groundnut OR peanut. Kachiwiri, aflatoxin. Kachitatu, Malawi. Pakati pa timabokosito pakhale AND. Lamulo lake n'losavuta: OR amachulukitsa, chifukwa akuti "ichi kapena icho, zonse bweretsa", AND amachepetsa, chifukwa akuti "zonse zikhalemo pamodzi". Alembeni ndi zilembo zazikulu. Palinso NOT wochotsera mawu, koma ineyo sindimukonda, amataya ngakhale nkhani zimene simunazione n'komwe kuti ndi zabwino.

Mawu awiri oyendera limodzi atsekereni m'zizindikiro za mawu ogwidwa, chonchi: "food security". Kanyenyezi nakonso kamathandiza mu JSTOR ndi PubMed: mukalemba farm* mupeza farm, farmer ndi farming nthawi imodzi.

Pepetani zimene zatuluka

Zikatuluka nkhani zikwizikwi, musakondwe. Ndiye kuti mawu anu ndi otakasuka kwambiri. Onjezani liwu lina ndi AND, kapena uzani nkhokweyo kuti iyang'ane m'mitu ndi m'zidule zokha. M'mbali mwa tsamba muli posankha zaka, ndi pena polembedwa peer reviewed, kutanthauza nkhani zimene akatswiri anzake a wolembayo anaziunika zisanasindikizidwe. Asupavaiza ambiri amafuna zimenezi. Zikatuluka ziwiri zokha kapena osatuluka kanthu, chotsani Malawi muikepo Africa, mwina ofufuza a ku Zambia kapena Tanzania anakumana ndi vuto lomwelo.

Musatsitse chilichonse musanawerenge chidule chake, kandime kakang'ono ka pamwamba kaja. Mphindi imodzi yokha mudziwa ngati nkhaniyo ndi yanu. Ine ndinali ndi foda ya ma PDF pafupifupi makumi asanu, ndipo amene ndinawawerengadi sanakwane khumi. Bandulo yokha ndiyo inapsa.

Mukapeza nkhani imodzi yokugwirani mtima, isandutseni mlozo. Onani kumapeto kwake kuti wolembayo anawerenga ndani. Kenako lembani mutu wake mu Google Scholar, tsamba la Google lofufuzira nkhani za kafukufuku, n'kudina Cited by, muone amene anadzaigwiritsa ntchito pambuyo pake. Njira imeneyi inandipatsa nkhani zabwino kuposa kusaka konse kumene ndinachita.

Sungani pomwepo

Magetsi sapangana ndi munthu. Nkhani ikakusangalatsani, tsitsani PDF yake nthawi yomweyo, muipatse dzina la wolemba ndi chaka, muiike pa fulashi ndi pa imelo yanu. Dinaninso batani la Cite kuti mukopere tsatanetsatane wake m'kalembedwe kamene dipatimenti yanu imafuna, kaya APA kaya Harvard, koma muonenso bwino chifukwa makinawa amalakwitsa mayina. Nambala yozindikiritsa nkhaniyo, yotchedwa DOI, imene imayamba ndi 10, musaisiye. Ndi imene idzakubwezereni pa nkhaniyo tsiku lina. Amene akulemba pepala lalitali aike Zotero, pulogalamu yaulere yosunga zonsezi ndi kukusanjirani mndandanda wa kumapeto.

Nanga nkhani ikakana kutseguka, n'kumafunabe madola? Musalipire. Ifufuzeni mu Google Scholar n'kudina All versions, nthawi zambiri pamakhala ina yaulere imene wolembayo anaika pa tsamba la yunivesite yake. Zikakanika, tengani mutu ndi DOI mupite nazo kwa a mu laibulale. Zikakanikanso pamenepo, pa tsamba loyamba la nkhaniyo pamakhala imelo ya wolemba. Mulembereni mizere itatu yaulemu, munene kuti ndinu wophunzira wa koleji yakuti ndipo mukufufuza zakuti. Ine ndinalembera anthu awiri. Mmodzi sanayankhe, winayo anatumiza nkhaniyo patatha masiku atatu, n'kuwonjezerapo ina imene sindinapemphe.