Mmene ndimatetezera mpunga wa chilimwe ku usiku wotentha

Chaka china ndinakolola matumba ochuluka monga mwa nthawi zonse, koma nditasenza limodzi ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Linali lopepuka. Ku chigayo mpunga unatuluka wosweka, njere zambiri zili ndi kachidontho koyera mkati ngati choko, ndipo wogula anangoutapa m'manja n'kutsitsa mtengo pomwepo. Feteleza ndinathira, madzi sanasowe, mbalame ana anapirikitsa. Chinandidyera mpunga chinali usiku wa kuno ku Chigwa cha Shire, uja timatulutsa mphasa n'kugona pabwalo chifukwa m'nyumba simukhalika.

Masana mpunga umapanga chakudya chake ndi dzuwa. Usiku umapuma mpweya, ndipo kupumako kumadya chakudya chomwecho. Usiku ukatentha, umapuma mwaphuma, n'kumaliza zimene zikanapita kukadzaza njere. Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Los Baños, m'dziko la Philippines, analengeza mu 2004 kuti kutentha kwa usiku kukakwera ndi digiri imodzi, zokolola za mpunga wa nyengo yopanda mvula zimatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Kwa ine ndi thumba limodzi pa khumi, ndalama ya fizi ya mwana imeneyo.

Ntchito yaikulu ili pa tsiku lofesa nazale. Mpunga umavutika kwambiri kuyambira pamene ukutulutsa ngala mpaka njere zitalimba, masiku pafupifupi 30 omalizira. Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati mbewu yanu imacha pa masiku 120, ngala zimatuluka cha pa tsiku la 90. Mukafesa kumapeto kwa Julayi, ngala zikutulukira kumapeto kwa Okutobala, moto uli pachimake, masana ndi usiku womwe. Ine ndimafesa mu Juni kuti zituluke mu Seputembala. Inde, nazale ya mu Juni imakula mwaulesi chifukwa cha chisanu, ndipo anzanga ena amadandaula nazo, koma bola mbande zochedwa sabata imodzi kusiyana ndi ngala zopanda kanthu. M'chilimwe bzalani mbewu zocha msanga monga Pussa. Kilombero musungireni dzinja.

Pa madzi samalani. Madzi amene akhala m'munda tsiku lonse padzuwa, pofika madzulo amakhala ofunda, ndipo amasunga kutenthako usiku wonse. Pisanimo dzanja dzuwa likamalowa, mumva nokha. Pa nthawi ya ngala, ngati zamadzi zikulola pa sikimu yanu, tsegulani madzulo kuti ofundawo atuluke, alowe atsopano a mu ngalande. Musaphwetse munda njere zikadali mkaka.

Urea musamuthire yense nthawi imodzi. Siyani gawo lina loti muthire ngala zikamayamba kupangika mkati mwa phesi, mlangizi akuonetsani poling'amba.

Kutentha kumachetsa mpunga msanga, choncho musadalire kalendala ya chaka chatha. Njere zambiri pa ngala zikasanduka zachikasu, mwetani, musadikire kuti ziume gwa m'munda chifukwa zimang'aluka mkati. Poyanika, yalani pa lona mosaunjika, muzitembenuza pafupipafupi, ndipo dzuwa likafika paliwombo kokerani pamthunzi.