Kathirakitala kotchetchera kapinga kakumafooka kakatentha? Yambirani apa

M'mawa kalira bwinobwino, mutchetcha mphindi 15 kapena 20 kenako kayamba kutsokomola, mphamvu zathawa mwinanso kuzimiratu, mukakasiya kazizire kaliranso ngati palibe chachitika. Ambiri apa amathamangira kumasula kabuleta, koma vuto lodikira injini itenthe kaye kawirikawiri silikhala mmenemo. Muyenera kufufuza pompo kakangozima injini isanazizire, ndiye sipanala ya pulagi izikhaliratu m'thumba. Zomwezi zimagwiranso pa jenereta ndi pampu yothirira ya petulo.

Choyamba masulani chotsekera thanki pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva kuti psiii, ndiye kuti kabowo kolowera mpweya pachotsekeracho katsekeka ndi fumbi ndipo petulo akulephera kutsika. Lizaninso chili chokhwefula, kakayenda osafooka basi mwapeza, tsukani kabowoko kapena gulani china. Yesaninso kukoka choko pamene ikufooka, ikatsitsimuka ndiye kuti ikusowa mafuta, onani fyuta ya petulo ndi paipi yake. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, akakhalitsa m'thanki amakoka madzi komanso amafewetsa mapaipi akale, ndipo paipi yodutsa pafupi ndi ekizosi imawiritsa petulo asanafike ku kabuleta.

Chachiwiri ndi moto wa pulagi, ndipo apa mpomwe pamakhala nkhani. Chotsani mipeni m'giya, mangani buleki, masulani pulagi ikadali yotentha (gwirani ndi nsanza, imaotcha zedi), ibwezereni m'kapu yake nkuigunditsa pachitsulo cha injini kutali ndi petulo, wina alize. Moto uzikhala wabuluu wothetheka. Ngati palibe kapena ndi wofooka koma ikazizira ukubweranso, koilo (kachipangizo kopanga moto wa pulagi) yatopa, tiwaya tamkati timatanuka tikatentha nkusiya kugundana. Musanakagule, zulani kawaya kakang'ono kozimitsira injini komwe kamalowa pa koilopo nkuyesanso, moto ukabwerera ndiye koilo ilibe mlandu, vuto lili pa switchi ya pampando (yozimitsa injini mukatsikapo) kapena mawaya. Ndalama za koilo sizoseweretsa masiku ano. Pulagi nayo itha kuchita chimodzimodzi, ndiye yesani ina kaye, mpata wake ukhale cha pa 0.7 mpaka 0.8mm.

Chachitatu dikirani izizire muchotse chivindikiro cha pamwamba pa injini. Injini zimenezi zilibe radiator, zimazizira ndi mphepo yodutsa m'tinthiti tachitsulo tozungulira injiniyo, ndiye m'dzinja udzu wonyowa umamatirira mmenemo, ndipo kathirakitala kakakhala m'shedi chilimwe chonse musadabwe kupezamo chisa cha makoswe, nsanza ndi makoko a mtedza. Kolopolani zonse ndi kawaya ndi burashi. Onaninso oilo ndi fyuta ya mpweya.

Zonsezi zikakhala bwino, otsala ndi mavavu. Mpata wake ukachepa, chitsulo chikatentha vavu simatsekanso bwino ndipo kompuleshoni (mphamvu ya mpweya wopanikizidwa mu injini) imathawa. Amatchera injini ili yozizira pogwiritsa ntchito feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), pa Honda GX zambiri za silinda imodzi ndi 0.15mm yolowetsa ndi 0.20mm yotulutsa, za Briggs & Stratton kapena Kohler onani m'buku lake chifukwa zimasiyana, osangoyerekeza ndi maso ayi. Koma ngati ikutulutsa utsi wambiri woyererako, oilo akutha msanga ndipo wina mukumupeza m'fyuta ya mpweya, ameneyo angakhale gasiketi wa hedi wapsa, musapitirize kutchetcha, itanani makaniko.