Momwe mungagwirire ndalama ndi nkhongole mukangoyamba nchito ya manja kuno ku Chipata

Chaka chilichonse anyamata ndi atsikana amatuluka ku Chipata Trades ndi m'masukulu ena a TEVETA ali ndi pepala la ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, zamagalimoto kapena utelala. Ena luso analitolera pa shedi ya amalume awo ku Kapata kapena ku Mchini. Nchito amaidziwa onsewa. Chimene chimagwetsa ambiri m'chaka choyamba n'chakuti ndalama ya nchito ya manja ilibe tsiku, sili ngati malipiro a aphunzitsi kapena anesi. Lero muli ndi K6,000 m'thumba, masabata atatu otsatira mulibe ndi yokwerera njinga yomwe. Komanso pa K6,000 imeneyo, yanuyanu mwina sikwana ndi kota.

Choyamba, dziwani kuti yanu ndi iti

Tiyerekeze kuti ndinu wowotcherera zitsulo ndipo bambo wina wa ku Kalongwezi wakupatsani nchito ya geti pa K6,000. Zitsulo, mahinji ndi penti zadya K3,800. Wonyamula katundu kuchoka ku Down Shops watenga K200. Marodi ndi madisiki K300, mayunitsi a magetsi K150, mnyamata wokuthandizani K400. Yotsala ndi K1,150, ndipo imeneyo ndiyo ya thukuta lanu la masiku onse amene mwakhala pa getilo. Mitengoyi ndangoyerekeza, inu muike ya lero, koma kawerengedwe kake n'komweko kaya ndinu telala, pulambala kapena kalipentala.

Gulani kabuku ka mapeji 96, ka ana asukulu komweka, ndipo nchito iliyonse ikhale ndi peji lake: dzina la kasitomala, mtengo umene mwagwirizana, zimene walipira, zimene mwagula ndi risiti yake. Musadalire mutu, chifukwa umasunga ndalama yolowa yokha, za mafuta a jenereta ndi chakudya cha pa saiti umataya. Pakatha mwezi, kabukuko kadzakuuzani nchito imene imakulipirani ndi imene imangokutopetsani. Ambiri amadabwa kuona kuti tinchito ting'onoting'ono tokonzakonza, tosafuna kugula katundu wambiri, timasiya phindu loposa la nchito yaikulu imene amanyadira nayo.

Dipoziti ndi ya katundu, osati ya ndiwo

Apa m'pamene nkhongole za amisiri ambiri zimabadwira. Kasitomala wapereka dipoziti Lolemba, inu mwalipirako lendi, mwagula bando ndi kansapato. Lachinayi mupite ku hadiweya, ndalama ya zitsulo yaperewera. Mumatenga dipoziti ya kasitomala wachiwiri kumalizira nchito ya woyamba, wachitatu n'kulipirira wachiwiri, mpaka mumayamba kuzimitsa foni ndi kulambalala msewu wa ku Saturday Market kuopa kukumana ndi mwini geti. Chipata ndi yochepa abale, mbiri ya mmisiri wodya madipoziti imafika ku Katete iye asanadziwe.

Mukalandira dipoziti, katundu mugule tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kasitomala akafuna kukagula yekha, musakwiye ayi, mulembereni mndandanda n'kupita naye limodzi, inu mungotchula mtengo wa manja anu. Pa kotesheni lembanipo kuti mtengowu ndi wa masiku 7 kapena 14 okha, popeza simenti, malata ndi zitsulo zimakwera kwacha ikagwa pa dola. Yotsalayo ilipiridwe katundu asanachoke pa shedi. Mawu akuti "ndidzakuonani mwezi ukatha" kawirikawiri amachokera kwa achibale ndi anzathu a kutchalitchi, amene simungawakumbutse kawiri popanda kuoneka wamwano. Ndi bwino kuwachepetsera mtengo poyera n'kulandira yonse pomwepo kusiyana n'kuwakongoza.

Gawani ndalama isanagone m'thumba

Ya manja anu ija igaweni patatu tsiku limene yalowa. Pa K100 iliyonse, K10 ndi ya zipangizo, chifukwa grinder idzapsa ndithu ndipo makina osokera adzafuna sipeya. Ina K20 ndi ya miyezi ya njala. Yotsalayo ndiye malipiro anu, mudyere, mulipire lendi. Ngati K20 yakulemerani, yambani ndi K10, bola isaphonye nchito iliyonse.

Zigawozi zisakhale pamalo amodzi. Ngati mumagwiritsa Airtel Money tsiku ndi tsiku, yosunga ikani ku MTN MoMo kapena ku akaunti ya kubanki, ndipo simu yakeyo isamayende nanu kumowa. Kumbukiraninso kuti kutapa pang'onopang'ono pa buthi kumadya ndalama, chifukwa ulendo uliwonse amadulako. Za kubetcha mpira pa foni sinditalikitsa: amene amaika ndalama ya simenti ya munthu pa tikiti asawerenge n'komwe zotsatirazi.

Werengani chaka monga chimayendera kuno kum'mawa

Ndalama ya m'chigawo chathu imachokera m'munda. Kuyambira cha mu June mpaka October alimi amakhala atagulitsa chimanga, soya, nshawa, thonje ndi fodya, ndiye anthu amaumba njerwa, amakhoma malata, amagula mipando ndi mawindo. Mvula ikagwa, ndalama yonse imapita ku feteleza ndi mbewu, January n'kubwera ndi mayunifolomu ndi mabuku. Omanga nyumba ndi akalipentala amaona mdima kuyambira December mpaka March, pamene telala amapumirako pa mayunifolomu, pa Nc'wala mu February ndi pa Kulamba mu August.

Choncho mu August, nchito ikamachuluka, si nthawi yosamukira m'nyumba ya lendi yokwera. Lipiriranitu lendi ya miyezi iwiri kapena itatu ya dzinja, gulani matumba a chimanga chikadali chotchipa. Amene amadalira magetsi a ZESCO akumbukire 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Owotcherera ndi ometa amene analibe kalikonse kosunga anavutika kwambiri.

Musanakongole, funsani funso limodzi

Kodi chimene ndikugula ndi nkhongoleyi chidzabweza chokha ndalamayi tsiku lolipira lisanafike? Makina owotcherera amene muli nawo kale maoda ake akhoza kubweza. Foni yatsopano, sofa ndi phwando sizibweza kanthu.

Kaloba ndiye woipitsitsa. Si zachilendo kumva kuti pa K1,000 mubweze K1,500 pakutha kwa mwezi. Mukalephera, amakuuzani mokoma kuti mungopereka K500 ya pamwambayo, inayo idikire. Chitani zimenezo miyezi itatu: mwapereka K1,500 ndipo K1,000 ija ikadalipo yonse. Chikole chimene amafuna nthawi zambiri ndi chipangizo chimene mumadyera, kapena NRC ndi khadi la ATM. Chipangizo cha nchito musachipereke chikole ngakhale zitavuta chotani, mukatero mwadula dzanja lobwezera nkhongoleyo.

Nkhongole za pa foni zimabwera msanga, n'chifukwa chake zimakola. Musanadine "inde", onani ndalama yonse yobweza ndi tsiku lake, osati imene akukupatsani yokha. Dziwaninso kuti mabanki ndi mabungwe obwereketsa amene ali ndi chilolezo cha Bank of Zambia amayang'ana mbiri yanu ku Credit Reference Bureau, kumene amasunga mbiri ya mmene anthu amabwezera nkhongole. Kankhongole kakang'ono kamene munakathawa potaya simu kakhoza kukutsekerani khomo tsiku limene mudzafune yaikulu yogulira makina.

Chilimba n'chabwino pogulira chipangizo chifukwa chilibe chiwongoladzanja, koma lowani ndi anthu amene mukudziwa kumene amagona, ndipo ndalama yoponya ikhale imene mungaipeze ngakhale mu February. Ku village banking nako kuli bwino, vuto ndi magulu amene amakakamiza aliyense kukongola mwezi ndi mwezi. Oterowo asiyeni.

Palinso CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonstityuwensi. Mu 2022 boma linaikweza kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mkati mwake muli mabasale a maphunziro a luso, magiranti a magulu a achinyamata ndi amayi, komanso nkhongole za mabizinesi. Mafomu amadzera ku Ward Development Committee ya kwanuko, kaya muli ku Chipata Central kapena ku Luangeni. Konzeranitu mapepala: kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kapena gulu lanu ngati kopaletivu, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA ndi akaunti ya kubanki. Zimatenga nthawi, choncho musalonjeze kasitomala kapena mwini nyumba ndalama imene sinafike. Ndipo nkhongole ya CDF ndi nkhongole ndithu, anthu asakunamizeni kuti ya boma sabweza.

Ngati mwamira kale

Lembani zonse pa peji limodzi, kuphatikizapo ya ku kantemba ndi ya alamu anu: mwini wake, kuchuluka kwake, chiwongoladzanja chake. Yambani ndi imene ikukula msanga, nthawi zambiri ndi kaloba, kenako nchito za makasitomala amene munadya madipoziti awo. Pitani kwa eni ake nokha asanakutumireni uthenga, muwauze ndalama imene mungakwanitse pa sabata, mulemberane pamaso pa mboni. Ambiri amavomera kuimitsa chiwongoladzanja akaona kuti munthu sakuthawa. Musatenge nkhongole ina kuti mutseke yakale pokhapokha ngati yatsopanoyo ili yotsika kwenikweni.

Achibale ndi za mawa

Kumudzi akangomva kuti mwana wayamba nchito, foni siipuma: maliro, feteleza, mdzukulu wadwala. Kuthandiza n'koyenera, iwowa ndi amene anakulerani. Koma khazikitsani ndalama imodzi ya pa mwezi, muwauze amayi kapena atate kuti ndi imeneyi, ndipo ichokere pa malipiro anu, osati pa dipoziti kapena pa ya zipangizo. Ya feteleza yambani kuisonkha mu July.

Ngati mwalembedwa nchito ndi kontirakita, funsani ngati akukuperekerani ndalama ya penshoni ku NAPSA. Lamulo limati 5 peresenti ichoke pa malipiro anu ndipo bwana awonjezere 5 peresenti ina. Pitani ku ofesi ya NAPSA ndi NRC yanu mukaone ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa alipo mabwana amene amadula pa pepala koma osatumiza. Odzilemba okha nchito nawonso amaloledwa kulembetsa ku NAPSA ndi ku NHIMA, inshuwalansi ya zachipatala. Pa nchito ya grinder ndi makwerero, khadi la NHIMA likhale lolipiridwa musanakwere padenga la munthu.