Momwe mungakonzere khitchini yothinana ndi katundu

Makhitchini ambiri amaoneka aang'ono chifukwa amasunga zinthu zomwe ntchito yake inatha kalekale: chivindikiro chomwe poto wake anabooka, kapu yothyoka chogwirira, mabotolo opanda kanthu omwe timati adzafunika tsiku lina. Anthu ambiri akafuna kukonza amathamangira kukagula mabokosi ndi zitini zosungiramo zinthu. Musayambire pamenepo. Mukatero mungosamutsa chisokonezo kuchoka pa shelufu n'kuchilowetsa m'bokosi latsopano.

Yambani ndi kabati imodzi kapena dilowa imodzi basi. Tulutsani zonse, muziike patebulo, kenako pukutani mkatimo ndi madzi a sopo n'kusiya kuti muume bwinobwino, poti chinyezi ndicho chimabweretsa chuku ndi mphemvu. Mukamaliza malo amenewo m'pamene mupite pena. Mukatulutsa khitchini yonse nthawi imodzi, njala ikupezani katundu ali mbwee pansi, ndipo mudzangobwezeretsa chilichonse mwachisawawa kuti mupeze pophikira.

Tsopano gwirani chinthu chilichonse m'manja ndi kudzifunsa kuti munachigwiritsa ntchito liti komaliza. Chomwe mumagwiritsa ntchito chitsale. Chomwe chili bwino koma chatha chaka chisanakhudzidwe, mupatseni wina amene chingamuthandize. Choonongeka chitayidwe. Apa sindinyengerera: thabwa lodulirapo lomwe lachita ming'alu yakuya limabisa tizilombo ngakhale mulitsuke motani, mbale yong'aluka nayo chimodzimodzi, ndipo poto wokazingira amene utoto wake wamkati wayamba kusupuka wafika popuma. Makontena apulasitiki muwafananitse ndi zivindikiro zake. Yomwe yasowa mnzake ituluke.

Pa zakudya ndi pofunika kufatsa kwambiri. Werengani madeti onse. Pomwe palembedwa kuti best before akutanthauza kuti tsikulo likadutsa kakomedwe kamayamba kuchepa, koma chakudyacho chikhoza kukhalabe chabwino ngati chinasungidwa bwino. Pomwe palembedwa use by ndi nkhani ya chitetezo, ndiye tsikulo likapita musadye. Chitini cha chakudya chomwe chatupa, chikudontha, kapena chachita dzimbiri kwambiri mutaye osalawa n'komwe. Kutupako nthawi zina kumasonyeza kuti mkati mwamera tizilombo totulutsa poizoni woopsa, ndipo poizoniyo samveka fungo nthawi zonse. Ufa, mpunga ndi nyemba muziyang'ane ngati mwalowa anankafumbwe, kenako muzithire m'zotengera zotsekeka bwino n'kumatapo kapepala ka dzina ndi tsiku lomwe munagula. Zomwe mwagula kumene muziika kumbuyo, zakale kutsogolo, kuti dzanja lizitola zakalezo poyamba.

Pobwezeretsa katundu, tsatirani mmene thupi lanu limayendera mukamaphika. Imani pomwe mumaphikira, tambasulani dzanja: mapoto, masipuni ophikira ndi mchere zikhale pomwe dzanjalo lafika. Mipeni ndi thabwa zikhale pomwe mumadulira. Mbale ndi makapu zikhale pafupi ndi potsukira kuti zikauma musamayende nazo mtunda. Zatsikunditsiku zikhale pakati pa chiuno ndi maso, zolemera pansi, ndipo zomwe mumatulutsa pakabwera alendo zikwere m'mwamba. Zivindikiro ndi matabwa odulirapo muziimike chilili m'malo mozisanja, chifukwa chinthu chomwe chili pansi pa mulu sichigwiritsidwa ntchito. Munthu amachita ulesi kuchotsa zisanu kuti apeze chimodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe ambiri amaika pafupi ndi moto poganiza kuti akuchita bwino: mafuta ophikira ndi zokometsera zakudya. Kutentha ndi kuwala kumachititsa mafuta kuyamba fungo, ndipo zokometsera zimasukuluka msanga. Zipezereni malo ozizirirako komanso amdima, pafupi ndi pophikira musiyepo kabotolo kakang'ono ka masiku ochepa.

Ngati muli ndi filiji, kutentha kwa mkati mwake kusapitirire madigiri 5 Celsius. Nyama yaiwisi ikhale pa shelufu yapansi m'chotengera chotseka kuti madzi ake asadonthere pa zakupsa. Zotsala zapamoto muziike kutsogolo pooneka ndipo muzidye masiku atatu kapena anayi asanathe. Pachitseko mpomwe pamatenthera msanga chifukwa chotsegulatsegula, choncho mkaka umasungika bwino mkati.

Mankhwala otsukira akhale ndi malo awoawo, kutali ndi chakudya komanso pomwe ana sangafikire. Musawathire m'botolo la chakumwa ngakhale botolo lawo litasweka, chifukwa mwana sadziwa kusiyanitsa. Ndipo bleach, mankhwala oyeretsera ndi kupha tizilombo, musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, poti amatulutsa mpweya wowononga mapapo.

Mukafika apa m'pamene mungaone ngati pakufunikadi kugula chosungira china. Yezani kaye kutalika ndi kuya kwa shelufu musanapite kogula.

Kuti khitchini isabwerere mwakale, patebulo lokonzerapo chakudya pazikhala zinthu zokhazo zomwe mumagwira tsiku lililonse. Mukagula poto watsopano, wakale atuluke tsiku lomwelo. Musanapite kukagula zakudya, tsegulani kabati ndi filiji muone zomwe zilimo, mulembe zomwe zatha, ndipo aliyense wa m'nyumbamo mumuonetse malo atsopano a chinthu chilichonse kuti akatenga azibwezera pomwepo.