Momwe mungadziwire ngati nambala yaikulu ndi prime, komanso mtundu wake

Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Ophunzira masamu m'sekondale za kuno ku Salima savutika ndi 7 kapena 13, koma ikafika nambala ngati 2027 ambiri amangoganizira. Wogulitsa usipa ku Senga Bay atakhala ndi nsomba 2027, angaike milu yofanana popanda yotsala? Tengani pepala ndi kakyuleta.

Yambani ndi zosavuta. Nambala yothera ndi 0, 2, 4, 5, 6 kapena 8 si prime, kupatula 2 ndi 5 zenizenizo. Kenako phatikizani madijiti ake: 2+0+2+7 ndi 11, ndipo poti 11 sagawika ndi 3, nayonso 2027 singagawike ndi 3.

Tsopano pezani square root yake, kutanthauza nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka nambala yanuyo kapena yoyandikira, chifukwa ndi pomwe mudzalekezere. 45 kuchulukitsa ndi 45 ndi 2025, choncho malire ndi 45. Nambala ikakhala yochokera pochulukitsa ziwiri, imodzi mwa ziwirizo siingapitirire malirewo. Kupitiriza mpaka 1000 ndi kungotaya nthawi.

Gawani ndi ma prime okhaokha: 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41 ndi 43, mukulemba zotsala. Pa 7 patsala 4, pa 13 patsala 12, pa 43 patsala 6, ndipo palibe pomwe patsala 0. Ndiye kuti 2027 ndi prime.

Ambiri amagwa chifukwa chotopa msanga. 2021 imapirira mayeso onse mpaka 41, koma ndi 43 kuchulukitsa ndi 47. Kakyuleta nayonso imanamiza: nambala ikatalika kuposa madijiti omwe imaonetsa, imadula kumapeto ndipo yankho limaoneka ngati lagawika bwino. Chulukitsani mobwerera kuti mutsimikize.

Mtundu wa prime mudzaudziwa motere. Onjezani kapena chotsani 2. Ikatulukanso prime, ziwirizo ndi mapasa, ngati 2027 ndi 2029. Gawaninso prime yanuyo ndi 4. Prime yotsala 1 imalembeka ngati ma square awiri ophatikiza (square ndi nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe), mfundo ya katswiri wa masamu Fermat yomwe katswiri wina, Euler, anaitsimikiza: 2029 ndi 45² + 2². Yotsala 3, ngati 2027, siingatheke ngakhale mutachezera usiku wonse.

Palinso za Mersenne, zopezeka pochulukitsa 2 kangapo n'kuchotsa 1. Kuchulukitsa ma 2 okwana 13 kumapereka 8192, ndipo 8191 ndi prime. Kuchuluka kwa ma 2 kuyenera kukhala prime, koma zimenezo pazokha sizikwanira: ma 2 okwana 11 amabala 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Pa nambala za Mersenne zazikulu kwambiri kugawa sikuthandizanso, ndipo makompyuta amaziyesa ndi njira ina yotchedwa Lucas-Lehmer. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa gulu la GIMPS, lomwe limafufuza ma prime a Mersenne pa makompyuta, anapeza prime ya Mersenne yochokera ku ma 2 okwana 136,279,841. Ili ndi madijiti 41,024,320.