Momwe mungasankhire digiri ya utsogoleri wa sukulu ya ku America yosapereka chiphaso cha boma

Mphunzitsi amene wagwira choko kwa zaka zingapo, ndipo wayamba kufufuza maphunziro apamwamba a utsogoleri wa sukulu m'mayunivesite a ku America, sachedwa kuona kuti digiri imodzi yomweyo imaperekedwa m'njira ziwiri, ina yolembedwa kuti licensure, yokonzekeretsa munthu chiphaso cha boma chotsogolera sukulu, ndipo inayo non-licensure, yopanda chiphasocho. Dzina lolembedwa pa satifiketi kawirikawiri limakhala lofanana, monga M.Ed. in Educational Leadership, ndipo ophunzira a njira zonse ziwiri amatha kukhala m'kalasi imodzi pa maphunziro ambiri, koma ntchito zimene angathe kupata akamaliza n'zosiyana.

Kusiyanaku kumachokera pa kayendetsedwe ka maphunziro m'dzikolo. Ku America kulibe chiphaso chimodzi cha mphunzitsi wamkulu chogwira ntchito dziko lonse, popeza siteti iliyonse mwa masiteti 50 imaika malamulo ake. M'masiteti ambiri, amene akufuna kutsogolera sukulu ya boma amafunika kukhala ndi digiri ya masitazi, zaka zingapo zophunzitsa ali ndi chiphaso cha uphunzitsi, maola ochuluka oyeserera ntchito moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndiponso kukhoza mayeso. Masiteti ambiri amagwiritsa ntchito mayeso a School Leaders Licensure Assessment okonzedwa ndi bungwe la ETS, pamene ena monga Texas ndi Florida ali ndi mayeso awoawo. Njira ya non-licensure imasiya zonsezi n'kutsala ndi maphunziro a m'kalasi ndi kafukufuku, ndipo nthawi zambiri imakhala ya makirediti (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro) 30 mpaka 36, omwe munthu amatha kuwamaliza m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Choyamba kuchita, musanatsegule n'komwe tsamba la yunivesite iliyonse, ndicho kulemba papepala ntchito imene mukufuna kudzagwira ndi malo amene mudzaigwirire. Ngati cholinga chanu n'kudzakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya boma ku Ohio kapena ku Virginia, njira iyi si yanu, ndipo musanyengedwe ndi kutsika mtengo kwake. Koma ngati mukulinga sukulu yoyima payokha kapena ya mpingo, bungwe lomwe si la boma loona za maphunziro, ofesi yokonza silabasi, ntchito yoyendetsa koleji, kapena mukufuna kudzabwerera kumudzi, chiphaso cha siteti sichidzakupindulirani kanthu. Chiphaso cha ku Georgia sichikweza munthu pa udindo ku Dedza. Masukulu otchedwa charter, omwe amalipiridwa ndi boma koma amadziyendetsa okha, ndiwo ofunika kuwafufuza paokha, chifukwa masiteti ena amafuna kuti atsogoleri ake akhale ndi chiphaso pamene ena safuna. Masukulu a intanashonolo nawo ambiri salamula chiphaso chotere, ngakhale alipo amene amakonda munthu amene ali nacho, choncho werengani zotsatsa ntchito khumi kapena kuposerapo za masukulu amene mumawasirira, muone zimene amapempha mobwerezabwereza.

Dziwaninso kuti kusintha maganizo pambuyo pake si kophweka. Mayunivesite ena ali ndi maphunziro owonjezera opatsa chiphaso kwa amene ali kale ndi masitazi, koma amafunabe kuti munthuyo akhale ndi chiphaso cha uphunzitsi cha ku America komanso sukulu yoti akayesererepo ntchito, zinthu zimene mphunzitsi wochokera kunja sakhala nazo. Kuyambira mu 2020 malamulo a boma la America amakakamiza mayunivesite kuulula ngati maphunziro okonzekeretsa munthu chiphaso akukwaniritsa zofuna za masiteti, ndipo chidziwitsochi chimapezeka pa tsamba lotchedwa professional licensure disclosures. Liwerengeni, ndipo ngati pali posamveka lemberani mkulu wa pulogalamuyo kuti akuyankheni polemba.

Chachiwiri n'kutsimikiza kuti yunivesiteyo ndi yovomerezeka. Apa ndi pamene njira yopanda chiphaso ili ndi msampha, chifukwa pulogalamu ya licensure imaunikidwa ndi boma la siteti, pamene inayi ingathe kuperekedwa ndi aliyense amene ali ndi tsamba lokongola pa intaneti. Fufuzani dzina la sukuluyo m'kaundula wa CHEA, bungwe loona za kuvomerezedwa kwa mayunivesite, kapena wa U.S. Department of Education, muone ngati inavomerezedwa ndi mabungwe odziwika monga Higher Learning Commission, Middle States kapena SACSCOC. Ngati mbali ya yunivesiteyo yophunzitsa za uphunzitsi ilinso ndi chivomerezo cha CAEP, bungwe lounika maphunziro a uphunzitsi, ndi chizindikiro chabwino, ngakhale alipo mayunivesite amphamvu amene alibe. Amene mudzabwerere ku Malawi funsiranitu ku National Council for Higher Education za momwe amaunikira mapepala ochokera kunja, makamaka a ophunzira pa intaneti, musanalipire tambala iliyonse. Aphunzitsi a boma akumbukirenso kuti digiri payokha siikweza giredi. Kukwezedwa kumadzera ku Teaching Service Commission pakapezeka malo.

Mukatero, khalani pansi ndi mndandanda wa maphunziro a pulogalamuyo, chifukwa m'menemo ndi momwe muli phindu lenileni kapena kutaya ndalama. Mapulogalamu ambiri anamangidwa pa miyezo ya Professional Standards for Educational Leaders ya mu 2015, ndipo pafupifupi onse amakhala ndi School Law ndi School Finance. Phunziro loyambalo limakamba milandu ya makhoti a ku America monga Brown v. Board of Education wa mu 1954 ndi Tinker v. Des Moines wa mu 1969, komanso lamulo la IDEA lokhudza ana aulumali. Lachiwirilo limafotokoza momwe msonkho wa nyumba ndi malo umalipirira masukulu a m'dera. Izi n'zosangalatsa kumva, koma mphunzitsi wamkulu amene mawa lake adzakhale pansi pa mtengo ndi komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a mother group kugawa ndalama za School Improvement Grant, ena akufuna zimbudzi za atsikana ena akufuna kufolera buloko imene denga lake linasasuka, sadzatolapo zambiri pa msonkho wa ku New Jersey. Ubwino wa njira yopanda chiphaso ndi wakuti nthawi zambiri imapatsa mpata wosankha maphunziro ena m'malo mwa amenewa. Funsani kuti mwa makirediti onsewo ndi angati amene mungasankhe nokha, ndipo muwaike pa kuyang'anira kaphunzitsidwe, kugwiritsa ntchito ziwerengero pokonza sukulu, kuunika mapulojekiti ndi kuyendetsa chuma cha bungwe. Pulogalamu imene yangochotsa maola oyeserera ntchito koma yasiya zina zonse momwe zinalili ndi yofunika kuikayikira.

Kuchotsedwa kwa maola oyeserera ntchitowo, m'kuona kwanga, ndiye mtengo waukulu umene munthu amalipira posankha njirayi, kuposa kusowa chiphaso. Utsogoleri wa sukulu suphunziridwa m'buku mokha. Momwe mungalankhulire ndi mphunzitsi wachikulire amene wayamba kujomba, kapena kholo limene lafika mu ofesi litalusa, zimaphunziridwa poona wina akuchita, kenaka n'kuyesa nokha wina akukuyang'anani. Choncho dzikonzereni nokha mpata umenewo. Pemphani mphunzitsi wamkulu amene mumamulemekeza, kapena mlangizi wa masukulu a m'zoni yanu, kuti muziperekezana naye pokayendera makalasi, polemba taimutebulo ndi pa misonkhano ya makolo, ndipo muzilemba m'kope tsiku, ntchito ndi zimene mwaona. Kafukufuku womalizira digiri, amene amatchedwa capstone, muumange pa vuto la sukulu yanu yomwe. Mwachitsanzo, tengani marejisitala a Sitandade 5 mpaka 8 a zaka zitatu, muwerenge kuti ana amajomba kwambiri miyezi iti, muone ngati kujombako kukugwirizana ndi nyengo ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, ndi masiku a msika kapena ndi kusefukira kwa mtsinje, kenaka muyese njira imodzi yothetsera vutolo kwa teremu yathunthu. Kope ndi kafukufuku wotere ndi zimene mudzaonetse pa intavyu m'malo mwa chiphaso.

Za ndalama ndi viza zimadalira ngati muphunzira muli kwanu kapena mupita konko. Wophunzira wa viza ya F-1 amayenera kukhala pa sukulupo, ndipo pa maphunziro owerengedwa kuti akwaniritse teremu, limodzi lokha la makirediti atatu ndilo lingakhale la pa intaneti. Pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha siipereka fomu ya I-20, imene imafunika pofunsira vizayo. Kuyambira mu 2025 boma la America lakhwimitsa malamulo a viza kwa nzika za mayiko angapo a mu Africa, Malawi ndi Zambia ali momwemo, motero yambani mwafunsa ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe ndi alangizi a EducationUSA, omwe sauza munthu kuti alipire. Komweko ndi kumene kumadzera mwayi wa Fulbright wolipiriridwa maphunziro, umene umafuna kuti wophunzira akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Fizi imawerengedwa pa kirediti: tiyerekeze kuti imodzi ndi madola 600, ndiye kuti makirediti 30 ndi madola 18,000, osawerengera mabuku ndi zolipira zina. Amene anali pakati pa maphunziro pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chifukwa chake bajeti yolipira m'madola iyenera kukhala ndi malo opumira.

Polembera malo mudzafunika ma transcript, mapepala oonetsa magiredi anu, otumizidwa ndi koleji yanu, nthawi zina ataunikidwa ndi bungwe monga WES, makalata awiri kapena atatu okuchitirani umboni, ndi kalata yofotokoza cholinga chanu. Mapulogalamu ambiri otere anasiya kufuna mayeso olowera maphunziro a masitazi otchedwa GRE, ndipo mayunivesite ena samafunsa TOEFL kapena IELTS kwa amene anaphunzira digiri yoyamba m'Chingerezi, koma yunivesite iliyonse ili ndi lamulo lake. M'kalatamo nenani mosabisa kuti mwasankha njira yopanda chiphaso mwadala, ndipo tchulani ntchito imene mukuilinga. Musanatumize, ikani pambali pake mndandanda wa maphunziro a masitazi a Policy, Planning and Leadership a ku University of Malawi ndi a Leadership and Management a ku Mzuzu University, omwe amalipiridwa m'makwacha ndipo amakamba malamulo a maphunziro a kuno, muyerekeze phunziro ndi phunziro, kuti muone chenicheni chimene madola anu akukagula.