Momwe mungakwerere phiri la Bunda m'mawa umodzi

Phiri la Bunda si Mulanje ayi. Silifuna hema kapena munthu wokunyamulirani katundu. Ndi chithanthwe chomwe chinangoti tumphu pakati pa minda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo woyenda mosathamanga amafika pamwamba mu ola limodzi.

Choyamba, lawirani. Kwerani minibasi ya ku Mitundu, yomwe imasiya msewu wa M1 pa Bunda Turn-off. Mukatsikire kufupi ndi koleji ya Bunda ya yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, kenako kabaza akakufikitseni m'tsinde mwa phiri. Muyambe kukwera 7 koloko isanakwane, chifukwa mbali yaikulu ya njirayi ndi mwala wokhawokha, wopanda mthunzi. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likangokwera, thanthwelo limatentha ngati chiwaya cha tchipisi.

Chachiwiri ndi nsapato, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Patapata ndi nsapato za ku ofesi zisiyeni kunyumba. Valani yokhala ndi labala yogwira pansi. Mvula ikagwa usiku, dikirani tsiku lina, poti mwala wonyowa umaterera kuposa therere.

Madzi nyamulani malita awiri, nthochi zingapo ndi mtedza. Basi.

M'tsinde mupeza anthu a m'mudzi. Apatseni moni bwinobwino, mufunse pomwe njira yayambira. Wina akadzipereka kukuperekezani, mugwirizane mtengo musananyamuke, kuopa kukangana pobwera.

Pokwera musalunjike pamwamba ngati mbuzi. Muzidula chammbali, uku ndi uku, mukupumira. Pamene patsetsereka kwambiri, gwirani pansi ndi manja, palibe adzakusekeni.

Mukayandikira pamwamba mudzayamba kumva nyimbo ndi mawu a anthu opemphera. Ena amagona komweko, akusala kudya, Baibulo lili pamwala, chitenje ataphimba kumutu. Musawajambule musanapemphe, ndipo sipika yanu ikhale m'chikwama. Pezani mwala wanu chapatali, mukhale, muone midzi, madambo ndi mapiri a Dzalanyama ali mbuu chakumadzulo.

Kutsika ndiye kumapweteka mawondo. Pindani mawondo pang'ono, mapazi muziponda chopingasa, ndipo pakavuta khalani pansi mutsetsereke ndi matako. Mabotolo ndi majumbo anu mutsike nawo.